Kusinthanitsa mnyamata wa zaka 22 ndi ma pick atatu: phindu lili kuti?

Funso: Ine ndi alamu anga timatsatira NBA, ligi ya basketball ya ku America, ndipo pali nkhani imene tatsutsana mpaka kutopa. Tiyerekeze kuti timu ili kumunsi kwa ligi, koma ili ndi mnyamata wa zaka 22 amene wamaliza sizoni yake yachitatu ndipo amagoletsa mapointi 18 pa gemu. Timu ina yamphamvu ikumufuna, ikupereka ma pick atatu a ndime yoyamba ya draft, mwambo wosankha osewera atsopano. Ine ndikuti apite, chifukwa anyamata atatu aposa mmodzi. Alamu akuti kumeneko n'kupenga. Wolondola ndani?

Yankho: Achimwene, monga mwaifotokozera nkhaniyi, ine ndili mbali ya alamu anu. Koma asavine msanga, chifukwa mawu oti kupenga awonjeza. Alipo matimu amene anagulitsa mnyamata wokondedwa ndi aliyense, n'kudzatenga chikho chifukwa cha malonda omwewo. Pamene mwaphonya inu ndi pa masamu oti atatu aposa mmodzi. Pick si munthu. Ndi chilolezo chodzasankha munthu tsiku lina, pa nambala imene simukuidziwa, pakati pa anyamata amene ena mwa iwo pano akadali ku sekondale.

Ife amene tinakulira pa mpira wa miyendo timavutika kaye kuzimvetsa zimenezi. Bullets kapena Wanderers ikagulitsa wosewera kunja imalandira ndalama, n'kukasaka wina. Ku NBA matimu amasinthana osewera pamodzi ndi makontrakiti awo, ndipo ndalama zimene angawonjezerepo zili ndi malire ochepa. Katundu wina amene angalowe pa malonda ndiye pick. Chaka chilichonse mu June matimu 30 amasankha anyamata ochokera m'makoleji a ku America ndi m'maligi a mayiko ena, ndime ziwiri, iliyonse ya mayina 30. Amene anachita bwino mu sizoni amasankha kumapeto, amene anavutika amasankha koyambirira. Poti timu yothera pansi situluka mu ligi, kugonja kuli ndi mphotho yake.

Mphothoyo imadzera pa maere. Matimu 14 amene sanafike mu ndime ya chipulula amachitirana maere a malo anayi oyamba, ndipo pa malamulo amene anayamba mu 2019, matimu atatu othera pansi penipeni aliyonse amakhala ndi mwayi 14 pa 100 wopeza nambala 1. Detroit inathera pansi pa ligi yonse mu 2023, maere anaiponya pa nambala 5. Mu 2024 inatheranso pansi itapambana magemu 14 okha pa 82, ndipo inagweranso pa 5 pomwepo. Mu 2025 tsoka lomwelo linagwera Utah, pamene nambala 1 inapita kwa Dallas imene mwayi wake unali 1.8 pa 100.

Ngakhale maere atakukomerani, kusankhako kuli ndi mavuto akenso. Mu 2009 Memphis inali ndi nambala 2, inatenga Hasheem Thabeet, chimphona cha kwa aneba athu ku Tanzania. Pa nambala 3 panatuluka James Harden, pa 7 Stephen Curry. Thabeet sanakhazikike mu ligi. Mu 2013 woyamba kusankhidwa anali Anthony Bennett, amene anazimirira msanga, pomwe Giannis Antetokounmpo anadikira mpaka nambala 15. Osankhawo si mbuli ayi. Ali ndi mavidiyo, madokotala, ndi anthu oyendayenda m'mabwalo chaka chonse kufunafuna luso. Kungoti mwana wa zaka 19 sadziwika kumene adzathere. Mnyamata wanu uja wadutsa kale pa sefa ameneyu: wasewera sizoni zitatu ndi akuluakulu, thupi lapirira, aphunzitsi akudziwa mmene amalimbikira pokonzekera. Mukamugulitsa, mwapereka chinthu chenicheni chimene anthu amapitira ku draft, kuti akupatseni mwayi wokayesanso. Paja akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo.

Nanga eni matimu amakopekabe chifukwa chiyani? Chifukwa cha kanthu kamene mwangokatchula modutsa, sizoni yachitatu. Wosewera wotengedwa mu ndime yoyamba amasayina kontrakiti yofika zaka zinayi, ya malipiro oikidwiratu ndi ligi. Wotengedwa pakati pa nambala 20 ndi 30 safika madola 4 miliyoni chaka chake choyamba, ndalama zochepa kwambiri pa msika umenewu. Sizoni yachitatu ikatha, timu imaloledwa kumuwonjezera kontrakiti, ndipo ngati ali wabwino, womuimira amabwera atanyamula mtengo wapamwamba, womwe ndi kotala ya malire a malipiro a timu yonse. Pa sizoni ya 2025-26 malirewo anaikidwa pa madola 154.6 miliyoni, ndiye mnyamata mmodzi akhoza kuyambira pa 38 miliyoni ndi kanthu pa chaka. Bwana wa timu amadziwa kale kuti mwanayu ndi wabwino. Chimene chimamusowetsa tulo n'chakuti kaya ubwinowo ukufika pa kudya kotala ya thumba lonse.

Oklahoma City inakumana ndi funso limeneli mu October 2012. Miyezi inayi m'mbuyomo inali itafika mu fainolo n'kugonja kwa Miami, ili ndi Kevin Durant, Russell Westbrook, Serge Ibaka ndi Harden, ndipo panalibe woposa zaka 24. Harden ankayambira pa benchi, ankagoletsa mapointi 16.8 pa gemu, ndipo anali atangolandira mphotho ya wosewera wopambana mwa olowera pa benchi. Ankafuna kontrakiti yapamwamba. Timuyo, ya mumzinda waung'ono, inali italonjeza kale ndalama zambiri kwa atatu enawo, ndipo inkaopa msonkho umene ligi imadula matimu owononga kupyola muyeso. Sanamvane. Anamutumiza ku Houston, iwo n'kulandira Kevin Martin, Jeremy Lamb, ma pick awiri a ndime yoyamba ndi imodzi ya ndime yachiwiri. Pasanathe sabata, Harden anagoletsa 37 pa gemu yake yoyamba ku Houston, pa yachiwiri 45. Mu 2018 anakhala MVP wa ligi, kutanthauza wosewera wopambana onse. Ma pick aja, imodzi inabala Steven Adams pa nambala 12, munthu wolimba amene anatumikira timuyo sizoni 7, koma wosayandikira kwa Harden. Inayo inabala Mitch McGary pa 21, amene anasewera sizoni ziwiri basi. Martin anakhala chaka chimodzi n'kuchoka. Oklahoma City sinaonenso fainolo mpaka 2025.

Chimene chimandipweteka pa nkhaniyi n'chakuti zizindikiro zinali poyera. Mapointi 16.8 amenewo anali a munthu wachitatu pa mzere, wodya mipira yotsala kwa Durant ndi Westbrook, koma imene ankaponya inkalowa mochititsa mantha, ndipo ankakoka mafaulo ngati katswiri wazaka zambiri. Kontrakiti yake inali ndi chaka china, ndipo ikanatha, malamulo akanalola timu kufananiza mtengo wa aliyense womufuna n'kumusunga. M'maso mwanga anafulumira.

Tsopano mbali yanu, chifukwa muli nayo. Usiku wa draft ya 2011 San Antonio inagulitsa George Hill wa zaka 25 ku Indiana. Hill anali pamtima pa mphunzitsi Gregg Popovich, ndipo anali atamaliza sizoni zitatu, chimodzimodzi mnyamata wanu. Koma pa malo ake panali kale Tony Parker, kontrakiti ya Hill inali kukatha, ndipo timu inkasowa munthu wa msinkhu wotchinga m'mbali. Chachikulu chimene analandira ndi nambala 15, Kawhi Leonard. Patatha zaka zitatu Leonard anali MVP wa fainolo, San Antonio itathambitsa Miami. Muone bwino apa: sanagule pick ya zaka zinayi kutsogolo. Malondawo anachitika usiku womwewo, dzina la munthu amene ankamufuna lilipo, akudziwa ntchito imene akukampatsa.

Wina ndi Michael Carter-Williams. Pa gemu yake yoyamba mu NBA, mu 2013, anagoletsa 22, anapatsira mipira yogoletsera 12, analanda 9, Philadelphia n'kugonjetsa Miami ya LeBron James. Sizoni imeneyo anatenga mphotho ya wosewera watsopano wopambana onse, ndi mapointi 16.7 pa gemu. Mu February 2015 bwana wa timuyo, Sam Hinkie, anamutumiza ku Milwaukee posinthana ndi pick imodzi ya Lakers. Ochemerera ambiri anakwiya. Hinkie ankaona zimene ena sankafuna kuona. Mnyamatayo sankatha kuponya patali, pa mipira 100 ya mapointi atatu inkalowa 26, ndipo ziwerengero zake zinkatupa chifukwa timu inkathamanga kwambiri ndipo inalibe ena oti n'kuwapatsa mpira. Nthawi inamuvomereza Hinkie. Carter-Williams anazungulira Chicago, Charlotte, Houston ndi Orlando, nthawi zambiri ali pa benchi.

Ikani manambala awiriwa pamodzi. Harden 16.8, Carter-Williams 16.7, onse anagulitsidwa ali ndi zaka 23. Wina anali MVP wobisika pa benchi ya timu yabwino, wina anali wosewera wamba wowala chifukwa mumdima munalibe nyali ina. Ndiye mukandiuza kuti mnyamata amagoletsa 18, simunandiuze kanthu. Masiku ano ngakhale timu yofooka chotani imapyola mapointi 100 pa gemu, ndipo mapointi amenewo ayenera kugwera pa dzina la winawake. Ine ndikanafuna kudziwa kuti 18 ameneyo amamupeza ataponya kangati. Ndikanayang'ana mipira yaulere ya pa mzere wa faulo, chifukwa imasonyeza zinthu ziwiri: ngati otchinga amalephera kumugwira popanda kumulakwira, komanso ngati dzanja lake lili lowongoka. Mnyamata amene amalowetsa bwino mipira yaulere kawirikawiri amadzaphunzira kuponya patali, pamene amene amaphonya pa mzere pomwe, popanda womusokoneza, ndimamukayikira. Ndikanayang'ananso ngati sizoni iliyonse wabwera ndi chinthu chatsopano, kapena wachitatuyu ndi yemwe uja wa chaka choyamba, kungoti wapatsidwa mphindi zambiri. Ndipo chomaliza, chimene ochemerera sakonda kuchiyang'ana: mpira ukakhala kwa adani, amatani? Mu ndime ya chipulula aphunzitsi amasaka munthu wofooka potchinga n'kumamulondola mpira uliwonse. Wosewera amene amathandiza ngakhale asakugwira mpira amalowa mu timu iliyonse imene mungadzamange. Amene amafuna mpira m'manja nthawi zonse koma sali mwa akatswiri enieni, ameneyo ndiye woyenera kumuganizira zogulitsa, ndipo mum'gulitse ena asanazindikire.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Timu imene ili ndi mnyamatayo imamudziwa kuposa wogula aliyense. Imamuona m'mawa uliwonse, ikudziwa za bondo lake, ikudziwa ngati amamva akalangizidwa. Kugulitsa kumakhala kwanzeru pamene chimene mukudziwa inu chili choipa kuposa chimene akuganiza wogula. Mukagulitsa chifukwa choti ma pick akuoneka ambiri papepala, mwangotaya mwayi wokhawo umene munali nawo pa malondawo.

Ndisaiwale mchira wa nkhani ya Carter-Williams, chifukwa umaphunzitsa kuposa mutu wake. Pick ya Lakers ija inali ndi chitetezo, kutanthauza kuti ikagwera pamwamba penipeni imatsala kwa eni ake, ngongole n'kusunthira chaka chotsatira. Inachedwa choncho mpaka 2018, pamene inafika ngati nambala 10. Philadelphia inasankha Mikal Bridges, mwana wa dera lomwelo, ndipo usiku womwewo inamupereka ku Phoenix posinthana ndi Zhaire Smith ndi pick ina. Smith anasewera magemu 13 mu NBA. Bridges ndi yemwe uja New York inamugula mu 2024 ndi ma pick asanu a ndime yoyamba. Malonda oyamba anali olondola, anthu anadikira zaka zitatu, munthu woyenera anafika mpaka pakhomo, koma phindu linapulumukabe. Kuti pick ikupindulitseni, muyenera kulondola katatu: pogulitsa, pa maere, ndi posankha.

Tibwere pa ma pick atatu anuwo. Mwati akuchokera ku timu yamphamvu, ndipo apa ndi pamene ndikukanitsitsa. Nambala ya pick imatengera mmene timu yoipereka yachitira sizoni imeneyo. Timu yamphamvu mukaiwonjezera mnyamata wanu ilimbiratu, ma pick ake n'kumagwera cha pa 22, 25 kapena 28. Mwapereka nokha chida chotsitsira mtengo wa malipiro anu. Akatswiri amapezekako kumeneko, Pascal Siakam wa ku Cameroon anatengedwa pa 27, koma ambiri a kumunsiko amathera pa benchi, ena kontrakiti yoyamba ikatha sawonekanso.

Anthu akamatamanda ma pick amatchula Boston, ndipo n'zoona. Mu 2013 inatumiza Kevin Garnett ndi Paul Pierce ku Brooklyn, n'kulandira ma pick a 2014, 2016 ndi 2018, pamodzi ndi ufulu wosinthana malo osankhira pa draft ya 2017. Brooklyn inagwa chagada, inapambana magemu 21 sizoni ina, yotsatira 20. Boston inatenga Jaylen Brown pa nambala 3 mu 2016, ndipo nambala 1 ya 2017 inaisinthanitsa ndi nambala 3 imene inabweretsa Jayson Tatum. Awiriwa ndiwo ananyamula chikho mu 2024. Koma Garnett anali ndi zaka 37, Pierce 35. Boston inagulitsa madala. Wogula madala amagwa msanga, ma pick ake n'kukwera mtengo. Wogula mnyamata wa zaka 22 wadzigulira zaka khumi zoimirira.

Palinso lamulo la Stepien, lotchedwa dzina la Ted Stepien amene anali mwini wa Cleveland kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ndipo anamwaza ma pick a timu yake mosasamala. Lamuloli limaletsa timu kudzisiya yopanda pick ya ndime yoyamba zaka ziwiri zotsatizana zam'tsogolo. Choncho ma pick atatu a timu imodzi amabwera modumphadumpha, mwachitsanzo 2027, 2029 ndi 2031. Wosankhidwa womalizayo adzafika pa msinkhu wa mnyamata wanuyu cha m'ma 2034. Komabe chakutalicho ndiye chamtengo, chifukwa m'zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi timu yamphamvu ikhoza kukalamba kapena kupasuka. Ine pa ma pick atatuwo, diso langa likanakhala pa womaliza, ndi pa mawu olembedwa pansi pake. Ngati ali ndi chitetezo cha malo khumi oyamba, wogulayo wakuuzani kuti zikadzakoma adzadya yekha.

Nthawi nayo ili ndi mtengo, ngakhale sulembedwa pa kontrakiti. Hinkie yemwe uja, asanagulitse Carter-Williams, anayamba ndi Jrue Holiday mu 2013, mnyamata wa zaka 23 amene anali atangosankhidwa kukasewera gemu ya All-Star, ya akatswiri okhaokha a mu ligi. Anamutumiza ku New Orleans posinthana ndi Nerlens Noel, nambala 6 wa chaka chimenecho, ndi pick ya 2014. Sizoni zitatu zotsatira Philadelphia inapambana magemu 19, 18 ndi 10. Kugonja kumeneko kunabweretsa Joel Embiid ndi Ben Simmons, ndiye sindinganene kuti njirayo inalephereratu. Koma pofika 2025 timuyo inali isanapyole ndime yachiwiri ya chipulula, pamene Holiday anatenga chikho ndi Milwaukee mu 2021 ndi china ndi Boston mu 2024. Kwa ife amene timadzuka pakati pa usiku kuti tionere magemuwa, zaka zitatu zoonera timu yako ikumenyedwa dala si zochepa. Anyamata amene mudzawasankhe nawonso amafunika kupeza wina wowatsogolera m'bwalo, osati kufikira pa bwinja.

Oklahoma City inadzaphunzira, ndipo inaphunzirira mbali inayo ya tebulo. Mu July 2019 timu ya Clippers, pofuna Paul George wa Oklahoma City, inapereka ma pick asanu a ndime yoyamba, ufulu wosinthana malo kawiri, Danilo Gallinari, ndi kamnyamata kamene kanali katangomaliza sizoni imodzi, Shai Gilgeous-Alexander. Anthu ambiri ankawerenga ma pick. Imodzi mwa iwo inabaladi Jalen Williams pa nambala 12 mu 2022, wosewera wamkulu. Koma amene anakhala MVP n'kutsogolera timuyo ku chikho cha 2025 ndi kamnyamata kaja.

Ndiye nditakhala pa mpando wa bwana wa timu yanuyo, ndingavomere malondawa pokhapokha zinthu zingapo zitakumana. Aphunzitsi anga andiuze mosabisa kuti mnyamatayu wafika pamene adzathere, kapena iye mwini anene kuti sasayina. Mwa ma pick atatuwo, imodzi ikhale imene wogulayo anaipeza kale kuchokera ku timu ina yofooka, kapena yakutali yopanda chitetezo chilichonse. Ndipo ndikanapempha kuti awonjezerepo wosewera wachinyamata amene anthu anga amuona kale akusewera, kuti ndisatsale ndi mapepala okhaokha. Wogula akakana zonsezi, ndiika lamya pansi, n'kuitana womuimira mnyamatayo kuti tikambirane kontrakiti.

Kusayinako sikutseka khomo la malonda, ndipo mfundo imeneyi mukawauze alamu anu, mwina mugwirizanapo. Desmond Bane anatengedwa pa nambala 30 mu 2020. Memphis inamuwonjezera kontrakiti mu 2023 atamaliza sizoni yachitatu, anaseweranso sizoni ziwiri, ndipo mu June 2025 Orlando inabwera kudzamugula. Inapereka osewera awiri, ufulu wosinthana malo kamodzi, ndi ma pick anayi a ndime yoyamba.